Tsiku Limene Ndinagulira Nkhosa Nthochi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine. Ndaganiza zoifotokoza ndekha chifukwa amene akuifotokoza kutchalitchi kwathu akuithira mchere wambiri. Ena akuti panabwera apolisi. Ena akuti nkhosa inandiluma pamalo pokhalira. Bodza lenileni. Palibe chinandiluma. Bola chikanandiluma, mwina anthu akanandimverako chisoni.

Dzina langa ndine Madalitso Nkhoma, bambo a Tadala. Kumudzi ndinali mlangizi wa ziweto, wa digiri yake, osati wa maphunziro a masabata awiri aja. Ndinagwira zaka zisanu ku Karonga, ndikuyenda pa njinga yamoto, alimi akunditcha a dokotala. Nsenjere ndinkaidziwa, lukina ndinkamudziwa, kapinga ndiye anali ngati mlamu wanga. Kenako mai a Tadala anapeza ntchito ya unesi kuno ku Birmingham, ine n'kuwatsatira ngati katundu wa m'manja.

Digiri ija inafika bwino, sinanyowe. Ili m'felemu pabalaza pathu ku Handsworth. Mwini wake ndiye amalawirira kukakwera tramu, sitima ya m'tauni yopita ku West Bromwich, kukanyamula makatoni kuwehausi. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Chiweto chokha chimene ndinachigwira m'zaka zonsezi ndi nkhuku ya mufiriji.

Koma pakamwa pokha sipanapume. Tikaweruka mapemphero, anthu atagwira makapu a tiyi, ine ndinkayamba kalasi. Ndinkawauza kuti azungu ali ndi makina koma chiweto sachidziwa mtima wake. Anthu ankangogwedeza mitu, ena akuyang'ana wotchi. Mkulu wa mpingo wina anandipatsa dzina loti a dokotala a mbuzi, ndipo ine, mwa nzeru zanga, ndinalilandira ngati ulemu.

Mwayi unabwera kudzera kuwodi kwa mai a Tadala. Nesi mnzawo wachizungu anali ndi azakhali ake, Mai Margaret, amasiye, okhala ndi kafamu ka nkhosa kuseri kwa Halesowen, kumene nyumba zimathera n'kuyamba mapiri. Mawondo anali atayamba kuwavuta, ndiye ankafuna munthu wodziwa za msipu. Ntchito yeniyeni, masiku anayi pa sabata. Anati ndipite Loweruka kawiri andione kaye, akakhutira ntchito ndi yanga.

Musandiseke, koma ndinatsala pang'ono kulira. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuapulaya, osayankhidwa ngakhale ndi galu. Apa ndinaona khomo lotulukira m'makatoni, ndipo ndinadziwa kuti lina ngati limeneli mwina silidzatsegukanso.

Loweruka loyamba ndinafika nditavala jekete ndi nsapato zopolisha. Mai Margaret anayang'ana nsapatozo n'kundibweretsera majombo a malemu amuna awo. Anali mai wamfupi, wa tsitsi loyera, wogwira ndodo dzanja lina, kabuku dzanja lina. Dzina langa linawakanika, ndiye anangoti Mada.

Ananditengera kubusa kumene anakugawa ndime zisanu, iliyonse yaikulu ngati bwalo la netibolo. Kuno msipu amachita kufesa, ndipo mbewu zake amasakaniza. Ndime iliyonse inali ndi kasakanizidwe kake. Ntchito yawo inali kuona kuti nkhosa zikatsegulidwa zithamangira kuti, zidya chiyani mpaka pansi, zisiya chiyani, n'kulemba zonse m'kabuku kaja. Anati udzu wa ryegrass nkhosa zimadya, inde, koma mmene anandionetsera ndi nkhope, ndinadziwa kuti n'kudya kwa nyemba za kusukulu yogonera komweko. Clover zimamukonda. Chicory zimamukonda mvula ikachepa.

Ndiyenera kuulula kuti Chizungu cha Mai Margaret si chija tinaphunzira kusekondale. Ndi cha kuno kwenikweni, mawu amatuluka ataphwanyikaphwanyika ngati mabisiketi a pansi pa chikwama. Pa mawu atatu alionse ndinkatolapo amodzi. Otsalawo ndinkawakwirira ndi kugwedeza mutu, monga amachitira anthu ophunzira.

Titafika pa ndime yachinayi, anaima, nkhope n'kuwala. Anati imeneyi ndiye ndime yawo yapamtima, chifukwa ndi imene anafesamo plantain wambiri. Nkhosa zawo, anatero, zikhoza kudutsa china chilichonse kuthamangira plantain.

Liwu limenelo ndinalimva bwinobwino, lonse lathunthu. Munthu wokhala ku Handsworth angalephere bwanji kulimva? Sitolo iliyonse ya anzathu a ku Jamaica ndi a ku Ghana ili ndi mulu wa plantain pakhomo. Ndi nthochi zophika, zomwe zija ku Karonga amaphikira mbalaga. Zaka zisanu ndinazidya, ndipo alimi anga ankapatsa ng'ombe makoko ndi makungwa ake. Zoti nkhosa ingakonde nthochi sizinandidabwitse mpang'ono pomwe.

Chimene chinandidabwitsa ndi choti m'ndimemo munalibe nthochi. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Munali timaudzu topyapyala, komanso chitsamba china chachabechabe cha masamba ataliatali okhala ndi mizere, timitu take ngati machesi, chitadzaza ponseponse. Mai Margaret anapitiriza kudandaula kuti chaka chino plantain wawo sakukondwa, pali zomera zina zikumupanikiza. Anati anafesa njere zake zaka zitatu zapitazo.

Njere za nthochi! Mtima unandiwawa. Mai wamasiye, wokalamba, wina anamuona kufatsa n'kumugulitsa njere za nthochi, iye n'kumadikira zaka zitatu kuti zimere m'dziko la chisanu, tchire likudya munda wonse. Ndinakumbukira kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndinakamva kalumoko kakuyabwa m'thumba.

"Kwanu amamera plantain?" anandifunsa.

"Kumera kokha? Mayi, kwathu amapitirira denga la nyumba."

Anasiya kuyenda. "Denga la nyumba?"

"Mvula ikamagwa, mwana amadula tsamba limodzi n'kufunda mpaka kusukulu. Ndipo ifenso timadya. Ndi nyama ya ng'ombe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati zaka makumi anayi akuweta nkhosa sanamvepo zotere, nthaka ya ku Africa iyenera kuti ndi yodabwitsa. Anatsegula kabuku kaja n'kulemba. Ndinaona ndi maso angawa mai wamkulu akulemba mawu anga m'buku, ndipo chifuwa changa chinatupa mpaka batani la jekete linadandaula.

Apa mpata wofunsa unalipo, waukulu ngati geti la famuyo. Ndikanangoti, mayi, tandilozerani plantain wanuyo. Mawu anayi okha. Koma digiri inandinong'oneza kuti katswiri safunsa pa intaviyu, amafunsidwa.

Tikusiyana anandiuza dongosolo la Loweruka lachiwiri. M'mawa iwo apita ndi nkhosa yamphongo yotsimphina kwa dokotala wa ziweto. Masana, cha m'ma thu koloko, kubwera alimi anzawo a m'deralo kudzaona ndimezo, ndipo nkhosa zidzatsegulidwa iwo akuonerera. Ine ndifike m'mawa, ndikonze ndime yachinayi, ndichotsemo zonse zosafunika kuti plantain aoneke bwino. Ndinawauza kuti asadandaule, akadzabwera sadzaizindikira ndimeyo. Pa malonjezo onse amene ndinapangapo pamoyo wanga, limeneli ndi limene ndinalisunga kwathunthu.

Kunyumba ndinafotokozera mai a Tadala, iwo akusita yunifolomu. Anaimika simbi.

"Nthochi? Ku Halesowen? Bambo a Tadala, mwafunsa bwinobwino?"

Ndinawauza kuti nkhani za msipu azisiyire eni ake. Anati foni ili pompo patebulo, nditangotchekako pang'ono, sizitenga ngakhale miniti.

"Ine ndifunse foni za msipu? Foniyo inapita kukoleji iti?"

"Chabwino, a dokotala," anatero, ndi mawu aja amayankhulira kwa odwala amene akukana mankhwala. Anapitiriza kusita.

Tsopano ndikuuzeni za nthochi ya mai a Tadala, chifukwa ikulowa m'nkhaniyi. Pawindo la pabalaza pathu panali nthochi ya mumphika, yaitali kufika m'chiuno. Anaigula chaka chimene amai awo anamwalira ku Thyolo, iwo atalephera kupita kumaliro. Ankati imawakumbutsa kuseri kwa nyumba ya amai awo. Lamulungu lililonse ankapukuta masamba ake ndi kansalu konyowa, limodzilimodzi. Ine sanandipukutepo chomwecho. Ndinkadziwa bwino lomwe tanthauzo la nthochiyo, ndiye musandikhululukire pa zimene zikubwerazi.

Pulani yanga inali ya magawo atatu, ngati ulaliki. Choyamba, kupalira ndime yonse. Chachiwiri, kuonetsa alimi a ku England kabzalidwe koyenera ka nthochi, kuti timabzala mwana wake, osati njere. Chachitatu, poti nthochi za mai aja sizinamere ndipo alendo akubwera kudzaona nkhosa zikudya plantain, kuwapulumutsa ku manyazi powabweretsera plantain weniweni.

Lachisanu nditaweruka ndinapita kusitolo kwa a Delroy, mkulu wa ku Jamaica amene timagulako ufa, n'kuitanitsa katoni yathunthu. Anafunsa ngati kuli ukwati. Ndinati ayi, ndi za nkhosa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti nkhosa zimenezo zinabadwa ndi mwayi kuposa ana ake. Anandisankhira zaziwisi, zobiriwira bwino.

Loweruka mai a Tadala anali ndi shifiti ya tsiku lonse. Chitseko chitangotsekeka, ndinanyamula mphika uja. Ndinadziuza kuti ndikungobwereka, madzulo ndiubweza asanafike. Katoni ndinaiika m'kangolo kogulira zinthu. Khasu langa, limene ndinabwera nalo m'sutukesi kuchokera kumudzi n'kulisemera mpini konkuno, ndinalikulunga m'chitenje. Ndinakwera mabasi awiri chomwecho. M'basi yachiwiri tsamba la nthochi linkagwedeza khutu la bambo wina ulendo wonse, koma iye anangopitiriza kuwerenga nyuzi yake. Anthu a kuno akhoza kufa osakufunsa kuti ukutani, ndipo tsiku limenelo ndinawayamikira.

Ndinafika pafamu mwini wake atachoka kale. Ndinavula jekete, n'kulavulira m'manja.

Abale, ndinagwira ntchito. Zaka zisanu ndi chimodzi za makatoni zinatulukira m'khasu lija. Chitsamba cha masamba a mizere chija ndinachisaka ngati chili ndi mlandu ndi ine. Chachikulu, khasu. Chaching'ono, dzanja. Ndinkachigwedeza dothi n'kuchiponya pamulu m'mbali mwa ndime, pafupi ndi waya wamagetsi wotchingira nkhosa. Chinali ndi mizu yolimba, chooneka kuti chakhazikika zaka zingapo, ndipo ndinkadabwa kuti mai wanzeru chotere angalekerere bwanji tchire mpaka kufika pamenepa.

Munalinso zomera zina zaminga, za maluwa ofiirira okongola, ndi zina za masamba aakulu ngati fodya. Zimenezo ndinazisiya. Zinkaoneka zolemekezeka, ngati zobzalidwa dala. Ndinazipalirira bwinobwino m'mbali kuti zipume. Pambuyo pake ndinamva kuti zimenezo ndi zimene anandituma kuti ndichotse.

Nthawi yonseyi nkhosa zinali kutsidya kwa waya zikundionerera. Poyamba zinali chete. Mulu utayamba kukula, zinayamba kulira, zonse pamodzi, mofuula ngati anthu amene akuona nyumba ikupsa. Ine ndinamasulira kuti zamva fungo la nthochi m'katoni. Patsogolo pake panali nkhosa yaikazi yokalamba, yong'ambika khutu, imene Mai Margaret anandiuza kuti dzina lake ndi Maureen, ndipo ndi imene imatsogolera zinzake. Maureen anagwada n'kulowetsa khosi pansi pa waya kuti afikire mulu wanga wa zinyalala. Ndinamugenda ndi chibuma. Ndinamuuza m'Chichewa chomveka bwino kuti aleke khalidwe la umphawi, zabwino zili m'katoni.

Pofika masana ndime inali mbee. Pakatikati ndinakumba dzenje lakuya bwino, monga ndinkaphunzitsira alimi, n'kuthiramo manyowa a nkhosa, n'kubzalamo nthochi ya mai a Tadala. Kenako ndinakoka chomwera nkhosa chakale chopanda madzi, n'kuduladulamo nthochi zingapo, zina n'kuziyala zathunthu pamwamba kuti zioneke bwino pa zithunzi. Ndinasamba m'manja, n'kuvala jekete, n'kuima pambali pa ntchito yanga. Ndinkaganiza za mmene ndikamuuzire bwana wa kuwehausi kuti asake wina. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma akuluakuluwo sanali pamenepo kuti andikumbutse.

Magalimoto anayamba kufika. Alimi anali ngati khumi, amuna ndi akazi, onse m'majombo, nkhope zofiira ndi mphepo. Mai Margaret anachedwa kwa dokotala, ndiye anafika limodzi nawo n'kuyamba nawo pa ndime yoyamba, kumunsi, kumene sankandiona bwino chifukwa cha mpanda wa mitengo. Ndinkawamva akufotokoza. Ndinamvanso akuwauza kuti kumtundako kuli katswiri wochokera ku Africa, kumene plantain amapitirira denga la nyumba. Anthu anafulumizitsa ndime yachiwiri ndi yachitatu kuti adzandione.

Atatulukira pa ndime yachinayi, onse anaima.

Kuli kukhala chete kwa pamaliro, kuli kukhala chete kwa m'khoti, ndiye kuli kukhala chete kwa azungu khumi amene akuyang'ana nthochi itabzalidwa pakati pa busa la nkhosa. Ine ndinakutenga ngati kugoma.

"Mada," anatero Mai Margaret motsitsa mawu, "plantain wanga ali kuti?"

Ndinatambasula dzanja kuloza chomwera chija, ngati wolandira alendo kuhotela. Kenako ndinayamba kalasi. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti plantain safesa njere, ndipo amene anagulitsa mai athuwa njere ndi wakuba. Ndinawaonetsa kuya kwa dzenje. Ndinawauza kuti tchire limene linapanikiza munda ndalichotsa lonse, lili apo. Ndinayankhula Chizungu chabwino tsiku limenelo, cha mabuku, chimene sindinachigwiritsepo ntchito kuwehausi.

Mkulu wina wa kapusi yafulati, a Geoff, anatembenuka n'kuyang'ana kumapiri. Mapewa awo ankagwedezeka. Ndinaganiza kuti ndi chifuwa.

Mai Margaret anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pamulu paja. Anawerama movutikira, mawondo akulira, n'kutola chitsamba chimodzi chofota, mizu ili lendelende. Anachikweza kuti ndichione.

"Uyu ndiye plantain," anatero. "Zaka zitatu, Mada."

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Ine ndinaseka pang'ono, kuseka kwa katswiri amene akukonza mwana wasukulu. Ndinati mwina kuno dzinalo analisokoneza, koma nkhosa siiwerenga mabuku, ndipo kutsutsa galu n'kukumba. Atsegule waya, nkhosazo ziweruze zokha. Inde, ndinapempha ndekha. Palibe anandikakamiza.

Mai Margaret anazimitsa magetsi a waya n'kuutsegula.

Zinabwera ngati madzi osefukira, Maureen patsogolo. Njira yopita kumulu inkadutsa pachomwera changa, ndiye kwa kamphindi mtima wanga unadumpha, chifukwa Maureen anaimadi. Ananunkhiza nthochi imodzi. Anayetsemula. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana mmene apongozi amayang'anira mkamwini amene wabwera chimanjamanja, n'kupitirira. Zinzake sizinaime n'komwe. Ina inadumpha chomweracho, ina inapondamo. Zonse zinakathera pamulu wa zinyalala zanga, zikukankhana, zikukwerana pamsana, zikulimbirana masamba ofota aja ngati ana pa maswiti a paukwati.

Sizinatenge nthawi, mulu wonse unatha. Zinanyambita ndi pansi pomwe. Kenako zinabalalika m'ndime zikusakasaka timasamba timene khasu langa linaphonya, zikulambalala mwaulemu zaminga zija ndinazisamalira. Nthochi zanga zinali pomwepo, zikuwala padzuwa, popanda ngakhale dzino limodzi.

A Geoff anapukuta misozi ndi kapusi yawo. Anati ayenda m'mafamu ambiri kuona zoyesayesa za msipu, koma sanaonepo nkhosa zikuyankha funso momveka chonchi, ndipo Mai Margaret alembe m'kabuku. Ena anali atatulutsa mafoni. Ine ndinangoima, manja ali m'mbali, ndikupempha nthaka ya ku Halesowen kuti ichite chifundo ing'ambike.

Ndipo mwina mukuganiza kuti zathera pamenepo. Maureen anali asanakhute. Anayenda mwachifatse kupita pakati pa ndime, n'kuima pa nthochi ya mai a Tadala. Zipatso anazikana, koma masamba opukutidwa Lamulungu lililonse anaona kuti ndi oyenera kulawa. Anakoka limodzi. Zinzake zitatu zinabwera kudzathandiza. Pamene miyendo yanga inkakumbukira ntchito yake, panali patatsala chitsa chokhala ngati musi.

Mai Margaret sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Alendo atapita anandilowetsa m'khitchini, n'kundipatsa tiyi ndi keke, n'kukhala moyang'anana nane. Anati aona mmene ndagwirira ntchito, ndipo sanaonepo munthu wopalira mwaukhondo chotero. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, loti chifukwa chiyani sindinawafunse. Ndinayang'ana m'kapu. Digiri imene inkandinong'oneza sabata yonse inali itapita kukapuma.

"Munthu wosadziwa ndikhoza kumuphunzitsa," anatero. "Koma wodziwa kale zonse, mawondo angawa sangamuthe."

A Geoff, amene anatsalira kuthandiza kubweza nkhosa, anandiperekeza pagalimoto mpaka pokwerera basi, ine, khasu, katoni ndi chitsa mumphika. Ndikutsika anangoti, "Kupitirira denga, eti?" n'kuyambiranso chifuwa chija.

Mai a Tadala anandipeza nditakhala pabalaza, mphika ndaubweza pawindo, ngati kuti mwina sazindikira. Anayang'ana chitsa. Anayang'ana ine. Anayang'ana katoni. Anakhala pansi osavula n'komwe nsapato za kuntchito, ndipo ndinaona misozi ikulengeza. Pa zonse za tsiku limenelo, chimenechi ndi chimene chinandipweteka koposa, moti ndinagwada n'kupepesa popanda kuwonjezapo kalasi iliyonse. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Atafika pa kuyetsemula kwa Maureen, kulira kuja kunasanduka china chake, mpaka anagwira m'mimba.

Koma kuseka si kukhululuka. M'nyumba mwathu chakudya sichitayidwa. M'mawa mwake kunali nthochi zowiritsa. Masana mbalaga. Madzulo zokazinga. Tadala anafunsa m'Chizungu chake ngati tasauka, amai ake n'kumuyankha kuti ayi, bambo ake akuchita kafukufuku. Mbale iliyonse inkafika patsogolo panga ndi mawu omwewo: "Idyani, a dokotala. Nkhosa zakana."

Uthenga wa Mai Margaret unafika Lachitatu, ndili pa buleki kuwehausi, kontena ya mbalaga ili pamwendo. Unali waulemu kwambiri. Ntchito anapatsa mai wina amene ankagwira kunyumba yosamalira okalamba, wosadziwa chilichonse cha nkhosa, amene tsiku lake loyamba anafunsa dzina la chomera chilichonse mpaka dzuwa kulowa. Ndinawerenga kawiri. Ndinali nditadziwa kale, komabe zinandilasa. Khomo lija ndinalidikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinalitseka ndekha, ndi khasu langa, nditavala jekete. Belu linalira, ndinabwerera ku makatoni.

Chitsa chija sichinaphukenso. Nkhani ndiye inaphuka. Inachoka kwa Mai Margaret kupita kwa nesi uja, mwana wa mlongo wawo, kuchoka apo wodi yonse, kenako gulu la amai a kutchalitchi, ndipo pofika Lamulungu mkulu wa mpingo uja anandikweza udindo. Sindinenso dokotala wa mbuzi. Ndine a nthochi.

Lamulungu lomwelo tikubwera kutchalitchi, mai a Tadala anaima pakhomo pathu penipeni n'kuloza pansi. Mumng'alu wa simenti, pomwe ndimaponda tsiku lililonse popita kutramu, munali chitsamba cha masamba a mizere, timitu take ngati machesi. Chinali pomwepo zaka zonsezi, chikundiona ndikutuluka ndi kulowa.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi supuni. Anachikumba bwinobwino ndi mizu yake, n'kuchibzala mumphika wa nthochi uja. Mphikawo sanaubweze pawindo. Anauika pakatebulo, pansi penipeni pa felemu ya digiri yanga. Chikukula mosangalala, ndipo Lamulungu lililonse amachipukuta masamba.

Alendo akabwera amafunsa kuti duwa lachilendoli ndi lanji. Mai a Tadala amangopitiriza kuthira tiyi.

"Afunseni a dokotala," amatero. "Kwawo limapitirira denga."

Safunsa anadya phula. Ine Mulungu anandichitira chifundo, ndinangodya nthochi masabata awiri.